Mlongo wanga amangokweza dzanja ndi kuzungulira nkhokwe, kodi ndi misala?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Santhe m'boma la Kasungu. Mlongo wanga wa zaka 23 anasintha kuyambira nthawi yosankha fodya, pano patha miyezi 8. Amakweza dzanja lamanja ngati akuchitira sawatcha msilikali, kenako n'kugwira khutu, kambirimbiri pa tsiku. Amazungulira nkhokwe mpaka pachita kanjira. Ukamufunsa kuti "wadya?" nayenso amangoti "wadya, wadya". Nthawi zina amaima malo amodzi mpaka dzuwa kupendeka. Anasiya kusamba ndipo amaseka yekha. Ku chipatala chaching'ono anamupatsa mapiritsi, koma tsiku lachitatu khosi linapindika, lilime n'kutuluka, ndiye tinasiya kumupatsa. Abale akuti atsibweni athu amukhwimira chifukwa agula njinga yamoto. Pano usiku timamumanga mwendo. Kodi ndi misala? Angachire?

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cholemba, makamaka chifukwa cha mmene mwafotokozera. Ambiri akabwera ndi m'bale wawo amangoti "wazungulira mutu", basi, zotsalazo tizikumba tokha. Inu mwatchula dzanja, khutu, nkhokwe, mawu amene amabwereza, ngakhale tsiku limene khosi linapindika. Ife ogwira ntchito ya matenda a maganizo timafuna kumva zoterezi.

Pali chinthu chimodzi chimene simunatchule, ndipo ndi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa zonse: kodi akudya ndi kumwa madzi? Ngati watha tsiku lathunthu osamwa, kapena thupi likutentha, kapena minofu yauma gwa moti mkono sukupindika, kapena mkodzo wachepa n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, musamalize n'komwe kuwerenga yankho lino. Pezani galimoto mupite naye ku chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu lero lomwe. Munthu woima kapena kugona malo amodzi osamwa, chimamupha si maganizowo ayi, koma kutha madzi m'thupi, impso kuwonongeka, kapena magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Ngati akudya ndi kumwa, mpata wokambirana ulipo, koma ndi mpata wa masiku, osati miyezi.

Munthu sayezedwa pa kalata. Komabe zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda amene amamulepheretsa munthu kusiyanitsa zenizeni ndi za m'mutu mwake, amene kuchipatala timati psychosis, ndipo pamwamba pake pali zizindikiro za vuto lina lotchedwa catatonia. Zonse ziwiri zili ndi mankhwala. Kupindika khosi kuja sikunali kukula kwa matenda, kapena mizimu kukana mapiritsi. Anachititsa ndi mapiritsi omwewo, ndipo ndi vuto limene timalidziwa bwino n'kulithetsa mosavuta. Ndibwereranso pamenepo.

Mawu akuti misala sindiwakonda, osati chifukwa choti ndi achipongwe chabe, koma chifukwa amaunjika matenda ambiri osiyana m'thumba limodzi. Kubwereza kachitidwe kamodzimodzi pakokha si matenda. Yang'anani m'tchalitchi Lamlungu lililonse: wina akugwedeza mwendo ulaliki wonse, wina akuluma zikhadabo, wina akupotapota nsonga ya mpango. Timayamba kuda nkhawa pamene kachitidweko n'kachilendo kwa mwiniwakeyo, kakumudyera nthawi, ndipo kabwera limodzi ndi kusintha kwina, monga tulo, kusamba, kucheza ndi ntchito. Ngakhale zitafika pamenepo, kachitidweko kali ngati kutentha thupi kwa mwana. Simungadziwe ngati ndi malungo, chibayo kapena khutu mpaka atayezedwa. Anthu anayi akhoza kugwira khutu mofanana ndendende, koma matenda awo n'kukhala anayi, mankhwala akenso anayi, mwinanso a wina n'kumupweteka mnzake.

Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, chimene chandithandiza kwambiri kusiyanitsa ndi funso limodzi lophweka, lofunsa wodwalayo mwini, modekha, pa awiri: "Ukapanda kuchita zimenezi, chimachitika n'chiyani?"

Ndikukumbukira mayi wina wa golosale pamsika wina kuno ku Kasungu. Madzulo akakhoma loko, amayenda kufika pa mtengo wa mango, n'kubwerera kukagwedeza lokoyo. Amatero ka 7. Wina akamupatsa moni ali pakati, amayambiranso kuwerenga pa 1. Amafika kunyumba kutada, ndiwo zitazizira, mwamuna wake n'kumaganiza kuti pali chibwenzi. Nditamufunsa funso lija anagwetsa misozi. "Ndikudziwa kuti ndakhoma, adokotala. Ndikudziwanso kuti n'zopusa. Koma ndikapanda kubwerera, mtima umandiuza kuti mwana wanga afa." Amenewa ndi matenda a OCD. Ganizo loopsa limalowa losaitanidwa, mantha amakwera, munthu amachita kamwambo kake kuti mtima ukhale pansi, umakhaladi pansi kwa kanthawi, ndipo kupepukidwa kumeneko ndi kumene kumaphunzitsa ubongo kuti mawa achitenso. Ena amasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka. Ena amabwereza pemphero limodzi kakhumi poopa kuti alakwitsa liwu. Matendawa amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, koma simuwaona chifukwa eni ake amachita manyazi n'kubisa. Mankhwala a fluoxetine amathandiza, pa mulingo wokulirapo kusiyana ndi wa matenda a kukhumudwa, ndipo amatenga milungu 8 mpaka 12 kuti aoneke ntchito yake. Chofunika kwambiri ndi kuphunzira kukhoma kamodzi, kuchokapo, ndi kupirira manthawo mpaka atatsika okha. Mayi uja anayamba ndi kubwerera ka 5, mwana wake wamkazi atamugwira dzanja, ndipo zinatenga miyezi. Mlongo wanu sakufanana ndi ameneyu. Wa OCD amadziwa zimene akuchita, amadandaula nazo, ndipo sasiya kucheza ngati munthu.

Ana amayankha mwina: "Zimangondiyabwa m'kati, ndikachita ndimapepukidwa." Zili ngati kuyetsemula. Mwana amaphethira mwamphamvu, kugwedeza phewa, kukoka mphuno kapena kutulutsa kaphokoso pakhosi. Zimayamba ali ndi zaka 4 mpaka 6 kawirikawiri, zimafika pachimake ali ndi zaka 10 mpaka 12, ndipo kwa ambiri zimachepa akamakula. Anyamata ndi amene amachuluka. Zikakhala za thupi ndi za mawu pamodzi kwa nthawi yopitirira chaka, timati matenda a Tourette, dzina la dokotala wa ku France, Georges Gilles de la Tourette, amene anawafotokoza mu 1885. Amene amatukwana mosafuna ndi ochepa, pafupifupi mmodzi pa 10. Chimandipweteka n'choti mwanayu amatha kuzigwira kwa mphindi zingapo, ndiye aphunzitsi akaona kuti wasiya atamukalipira amati "mwaona, amachitira dala", n'kutenga chikoti. Chikoti chimawonjezera, chifukwa mantha ndi amene amakolezera. Ambiri safuna mankhwala, amangofuna kuti akulu aleke kuwayang'anitsitsa.

Yankho lachitatu ndi limene limatiphonya kwambiri. Umamufunsa munthu, iye n'kudabwa: "Ndachita chiyani?" Anthu amadziwa khunyu logwa pansi ndi kutuluka thovu. Pali mtundu wina umene munthu sagwa n'komwe. Ali pakati pa nkhani amangoti duu, maso gwa, n'kuyamba kunyambita milomo, kutafuna popanda chakudya, kutolatola pa malaya kapena kumasula mabatani. Mwina amanyamuka n'kuyenda. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri amatsitsimuka ali wosokonezeka ndi watulo, osakumbukira kalikonse. Ena amati lisanawagwire amamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, kapena fungo limene ena sakulimva. Nthawi iliyonse zimachitika mofanana, ngati nyimbo imodzi. Kwathu kuno khunyu ndi lochuluka chifukwa cha malungo a mu ubongo paubwana, kubadwa movutikira, kuvulala mutu pa kabaza wopanda chipewa, komanso mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, amene amafala kudzera m'chimbudzi cha anthu m'midzi imene nkhumba zimangoyendayenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu 7 pa 10 alionse a khunyu akhoza kusiya kugwidwa atalandira mankhwala oyenera, monga carbamazepine, phenobarbitone kapena sodium valproate, ngakhale kuti womalizayu ndi woopsa kwa mwana wa m'mimba ndipo timamupewa kwa amayi amene angatenge pakati. Munthu wa khunyu lotereli akapatsidwa mankhwala a psychosis otchedwa chlorpromazine pomuganizira misala, kugwidwa kumatha kuchuluka. Mwa mlongo wanu sindikuona khunyu, chifukwa zake zimatenga maola, si mphindi. Komabe mukamuuze namwino ngati anayamba wakomokapo kapena kuvulala mutu.

Tsono pali amene amayankha kuti "mawu andiuza kuti ndizitero", kapena "ndikuyankha anthu amene akunditumizira uthenga". Ndipo pali amene sayankha n'komwe, amangokubwezera mawu ako omwe. Apa ndi pamene pali mlongo wanu.

Mu 1874 dokotala wa ku Germany, Karl Kahlbaum, analemba za odwala amene matenda awo amaonekera m'kayendedwe ka thupi, ndipo ndi amene anabweretsa dzina lakuti catatonia. Kalata yanu ili ngati munakhala naye m'chipinda chimodzi. Sawatcha ija ndi kachitidwe kodziwika koma kochitika pamalo posayenera ndi mosalekeza. Kuzungulira nkhokwe ndi kuyenda kopanda kolowera. Kubwereza "wadya, wadya" ndi chizindikiro china, ndipo ena amatsanzira ngakhale manja ako, ukakanda mutu nawonso amakanda. Kuima mpaka dzuwa kupendeka ndi china. Tikamuyeza, timakweza mkono wake m'mwamba n'kuusiya. Munthu wabwinobwino amautsitsa, koma wa catatonia umatsala pomwepo ngati waya wopinda. Tikati "yasamulani", amaluma mano kwambiri, osati chifukwa cha mwano, koma thupi limachita zosemphana ndi zimene lapemphedwa. Kale ankaganiza kuti zimenezi zimabwera ndi matenda a schizophrenia okha, mtundu wa psychosis umene umakhalitsa. Pano tikudziwa kuti zimabweranso ndi kukhumudwa kwakukulu, matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala kopitirira muyeso), komanso matenda a m'thupi amene afika ku ubongo. N'chifukwa chake wodwala wotere timamuyeza thupi lonse: kutentha, shuga, malungo, HIV, chindoko. Musakhumudwe akakupemphani kuti ayezedwe magazi.

Chinthu china chimene ndikufuna muwauze onse pakhomo: amamva. Mnyamata wina anabwera naye mayi ake pa ngolo, atatha masiku osalankhula, mkono uli m'mwamba. Tinamubaya jakisoni wa diazepam pang'onopang'ono. Ola lisanathe mkono unatsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti akufuna thobwa. Mayi akewo anakhala pansi pa simenti, miyendo itatha mphamvu. Patapita masiku awiri mnyamatayo anawafunsa kuti, "Nanga mbuzi yanga ija munkati mugulitse, mwagulitsa?" Anali atamva zonse zimene ankakambirana pamutu pake, kuphatikizapo za maliro ake. Ambiri akachira amati nthawi yonseyo anali ndi mantha aakulu, ngati nyama imene yaumitsidwa ndi kuwala kwa tochi. Choncho musamunene iye ali pomwepo, ndipo ana asamamuseke kapena kumutsanzira.

Si onse amatsitsimuka msanga chotero, koma ambiri a catatonia amasintha m'masiku ochepa ndi mankhwala a lorazepam, kapena diazepam kumene lorazepam palibe. Amenewa ndi amene amayamba. Mankhwala a psychosis amabwera pambuyo, mosamala ndi pa mulingo wochepa, chifukwa haloperidol kapena chlorpromazine akapatsidwa munthu amene waumirira kale, amatha kumuumitsa kwambiri, nthawi zina mpaka kutentha thupi koopsa. Sindikuweruza amene anamuona poyamba, mwina tsiku limenelo zizindikirozi sizinaonekere. Ndikungofuna mumvetse chifukwa chake simuyenera kungoyambiranso mapiritsi otsala aja panokha, kapena kukagula diazepam kwa ogulitsa mankhwala pamsika. Diazepam amazolowereka m'thupi, ndipo akakumana ndi kachasu amatha kuimitsa kupuma.

Za khosi lija. Mankhwala a psychosis amagwira ntchito potchinga mphamvu ya dopamine, mankhwala achilengedwe otumiza mauthenga mu ubongo, ndipo dopamine yemweyo ndi amene amathandiza kuti minofu iziyenda mosalala. Kwa ena, makamaka anyamata a msinkhu wa mlongo wanu, m'masiku oyambirira minofu ya khosi, lilime, nsagwada kapena maso imakokeka mwadzidzidzi. Zimapweteka ndipo zimaopsa woonerera. Koma jakisoni amazithetsa m'mphindi zochepa, ndipo mapiritsi a benzhexol, amene ambiri amawadziwa kuti Artane, amaziletsa kubweranso. Kenako timachepetsa mulingo kapena kusintha mankhwala, mwachitsanzo kupita ku risperidone akapezeka. Munachita bwino kuchita mantha, cholakwika chinali kusabwerera kukanena. Kunena zoona vuto lalikulu ndi lathu ife achipatala: tikanamawachenjeza abale tsiku loyamba lomwe, ambiri sakanathawa mankhwala.

Mankhwala omwewa ali ndi kubwereza kwawo kumene amayambitsa, ndipo muyenera kukudziwa popeza mlongo wanu akhoza kuwamwa nthawi yaitali. Wina amalephera kukhala pansi, mapazi amangoponda ngati ali pa perete, m'kati akumva kusakhazikika kosaneneka. Abale amaganiza kuti matenda akula n'kupempha kuti mankhwala awonjezedwe, pamene kuwonjezerako ndi kuthira parafini pamoto. Wina atamwa miyezi yambiri kapena zaka amayamba kutafuna, kutulutsa lilime ndi kusuntha milomo iye osadziwa. Pa vuto lomalizali benzhexol sathandiza, mwinanso amawonjezera, ndipo likachedwa kuonedwa limatha kukhalitsa. Mukaona chilichonse mwa izi, kanenani msanga. Malinga ndi kalata yanu, kuzungulira nkhokwe kunayamba mapiritsi asanabwere, ndiye kumeneko si kwa mankhwala.

Kwa owerenga ena amene ali ndi nkhawa yofanana, ndingodutsamo mwachangu. Mwana amene kuyambira ali wamng'ono amakupiza manja, kudzigwedeza, kundandalika zitsekerero za mabotolo ndi kuchedwa kulankhula akhoza kukhala ndi autism. Amabadwa nayo, siyamba munthu ali ndi zaka 23. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 amene wayamba kugwetsa makapu, zolemba zake kuipa, manja ndi nkhope kumangovinavina, patapita milungu kapena miyezi atadwala zilonda zapakhosi, akayezedwe mtima, chifukwa amenewo ndi matenda amene amawononga mtima ndipo amafuna jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi. Agogo amene amapinda ndi kupindula chitenje tsiku lonse, kapena kumanga katundu kuti "ndikupita kwathu" ali pakhomo pawo pomwe, kawirikawiri ndi matenda oiwala a ukalamba, si ufiti. Ndipo aliyense amene wasokonezeka m'masiku awiri kapena atatu okha, thupi likutentha, akutolatola pa bulangete, kapena chidakwa chimene chasiya mowa dzana n'kuyamba kunjenjemera ndi kuona tizilombo, ameneyo ndi wa kuchipatala usiku womwewo.

Tibwerere kwa mlongo wanu. Chimene chili pansi pa catatonia yakeyo chikhoza kukhala schizophrenia, poona kuseka yekha, kusiya kusamba ndi kutalika kwa nthawi, koma dzina limeneli sitithamangira kulipereka. Mu 2022 WHO inati matendawa anali ndi anthu pafupifupi 24 miliyoni pa dziko lonse, munthu mmodzi pa 300 alionse, ndipo mwa amuna amakonda kuyamba kumapeto kwa unyamata mpaka zaka za m'ma 20. Amayenda m'magazi mwa mabanja ena, choncho funsani akuluakulu ngati kuchimuna kapena kuchikazi kunali wina wodwala chonchi. Funsaninso za chamba, ndipo musafunse amayi anu, funsani anzake amene ankasankha nawo fodya m'chigafa. Chamba sichipengetsa aliyense wosuta, koma kwa amene anayamba ali wamng'ono n'kumasuta tsiku ndi tsiku, chiopsezo chimakwera, ndipo wodwala akapitiriza kusuta mankhwala athu amakhala ngati kutunga madzi ndi dengu. Funsaninso ngati zisanayambe zimenezi anali wokhumudwa: ngongole ya fetereza, fodya kugulidwa motchipa ku Chinkhoma, chibwenzi kutha, maliro. Ngati anayamba wanenapo zofuna kudzipha, chotsani pakhomo mankhwala a fodya ndi a m'nkhokwe, ndipo mukanene kuchipatala.

Tsopano za atsibweni. Sindikulemberani kuti nditsutsane ndi chikhulupiriro cha banja lanu, koma ndinene zimene ndaona. Matendawa amagwira achinyamata pa msinkhu womwewu ku London, ku Johannesburg ndi ku Santhe, kumene kuli atsibweni ogula njinga yamoto ndi kumene kulibe. Mu nyengo yogulitsa fodya m'mudzi uliwonse wa ku Kasungu mumapezeka wina wogula njinga, malata kapena ng'ombe, ndiye mnyamata akadwala nyengo imeneyo, woloza chala sasowa. Ndaona mabanja atagawanika mpaka kalekale, wodwalayo atachira ndi mapiritsi m'miyezi iwiri, koma mawu amene ananenedwa pabwalo osabwezeka. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo anthu amamangidwa nalo. Atsibweniwo mukuwafuna pano kuposa kale. Kwathu kuno mwini mbumba ndi amene amatsogolera pa matenda, ndipo njinga ikunenedwayo ndi imene ingamakatenge mankhwala mwezi ndi mwezi. Mapemphero sindiletsa, odwala anga ambiri amalimba nawo mtima. Chimene ndimakana ndi kumusalitsa kudya, kumukwapula kuti chiwanda chituluke, kumugoneka kuphiri, kapena kumuuza kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro. Munthu wa catatonia kumusalitsa madzi ndi kumukumbira manda.

Chingwe chija chichoke. Ndikudziwa kuti simumumanga chifukwa cha nkhanza, mumaopa kuti asochera usiku kapena agwera m'chitsime, ndipo nanunso mumafuna tulo. Koma chingwe chimadula khungu, chimatupitsa mwendo, chimawonjezera mpata woti magazi aundane, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi mantha chimamutsimikizira kuti adani ake ndi a m'nyumba momwemo. Ndaona zipsera za m'akakolo zimene zinatsala zaka matenda atatha, mwini wake akuzibisa ndi sokosi. Kwa masiku ochepa otsalawa, agone m'chipinda chimodzi ndi mwamuna amene amamukhulupirira, chitseko chotseka, zikwanje ndi makasu zili kwina, ndipo muzisinthana kulondera. Masana musiyeni azungulire nkhokwe yakeyo, sikupweteka munthu. Kumugwira mwamphamvu kuti asiye ndi kumene kumabweretsa ndewu.

Pokonzekera ulendo, akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani masiku awiri, osapitirira, mukumuyang'ana mwachifatse. Pezani foni ya kamera mujambule vidiyo ya mphindi ziwiri kapena zitatu akuchita sawatcha ija, akuzungulira, ndi pamene waima. Odwala ambiri akafika pamaso pa dokotala zimene amachita kunyumba sizioneka, ndiye vidiyo imatiuza zimene pakamwa sipangathe. Vidiyoyo ndi ya achipatala basi, isapite pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa adzachira n'kuipeza ikuyendabe. Lembani pa pepala kuti amagona maola angati, amadya kangati, ndi ngati amayankha mukamuitana ali pakati pa zochita zakezo. Tengani buku lake la kuchipatala ndi timapepala ta mapiritsi aja, ngakhale atatsala awiri okha. Ngati anamwa za kwa asing'anga, nenani, sitikukalipirani. Apite ndi munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, osati amene ali ndi ndalama ya thiransipoti chabe.

Mukafika pa chipatala cha boma, nenani kuti mukufuna kuonana ndi a matenda a maganizo, ndipo mawu oyamba akhale akuti amaima malo amodzi maola ambiri, amabwereza mawu, ndipo mapiritsi oyamba anamupinda khosi. Anthu ambiri amaopa kuti akangotchula za mutu ndiye kuti ulendo wa ku Zomba Mental Hospital wapsa. Si choncho. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma lawo n'kumalandira mankhwala akuchokera kunyumba. Amene avuta ndi amene amatumizidwa, kaya ku Zomba kapena ku St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mlongo wanu akhoza kugonekedwa masiku angapo kuti aone mmene mankhwala oyamba akumuyendera, choncho konzekerani womudikirira.

Angachire? Kuuma thupi ndi kubwereza mawu ndi zimene ndikuyembekeza kuti zisintha msanga. Kuseka yekha ndi mawu a m'mutu, ngati alipo, zimatenga milungu iwiri mpaka 6 kuti ziyambe kuzilala. Mphamvu zogwirira ntchito ndi chilakolako chocheza ndi zimene zimabwera pomaliza, ndipo apa ndi pamene abale amatopa n'kumati ndi ulesi. Ena amadwala kamodzi kokha osadzadwalanso. Ambiri amakhala bwino akumwa mankhwala, amalima, amakwatira, koma akasiya matenda amabwerera. Ochepa amavutika nawo moyo wonse. Amene ali m'gulu liti sitidziwiratu pa chiyambi, koma tikudziwa kuti kuchedwa kuyamba mankhwala kumachepetsa mwayi, ndipo miyezi 8 yakwana. Akakhala bwino apitirize mankhwala kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kusiya kukhale kokambirana ndi achipatala, pang'onopang'ono. Ngati mapiritsi a tsiku ndi tsiku akuvuta, pali jakisoni wa fluphenazine wobaya kamodzi pa milungu ingapo, koma ameneyo ndi wa mtsogolo, kuumako kutatheratu. Mankhwala amasowa nthawi zina m'zipatala zathu, ndiye muzipita kukatenga ena kutatsala mlungu umodzi, osati atatha. Akayamba kutsitsimuka mupatseni ntchito zing'onozing'ono, kutonola chimanga, kumwetsa mbuzi, ndipo azidya m'mbale imodzi ndi anzake. Matendawa sapatsirana.

Za usiku wa lero. Ngati akukana chakudya mukamamudyetsa, musamukanule pakamwa, angatsamwe. Ikani phala ndi kapu yodzaza madzi pa mpando pafupi naye, mumuuze mawu amodzi okha kuti "phala lako ili", n'kutuluka. Odwala ambiri oterewa amaluma mano supuni ikawalozera, koma amadya okha akaona kuti palibe akuwayang'ana. M'mawa muone kuti madzi atsika bwanji m'kapumo. Mukapeza ili chodzazire, masiku awiri aja musadikirenso, nyamukani.